Mphaka Wooneka Wathanzi Koma Wosanza Kawirikawiri

M'makomo ambiri muno mu Zomba mphaka amasungidwa chifukwa cha ntchito. Aliyense amene anasanjapo matumba a chimanga m'chipinda atabwera nawo kuchokera ku Jali kapena ku Mayaka amadziwa kuti makoswe sachedwa kumva fungo, ndipo njira yosaboola m'thumba yothana nawo ndi kukapempha kamwana ka mphaka kwa anansi. Poti mphakayo timamuona ngati wantchito, thanzi lake timaliyeza ndi muyeso umodzi wokha: ngati akugwira makoswe, ndiye kuti ali bwino. Akasanza pakhonde timangothira mchenga, n'kusesa, n'kunena kuti ndi mmene amphaka analengedwera. Ine ndafika poona kuti kusanza kobwerezabwereza kumakhala ndi chifukwa chake, ndipo munthu amene angathandize kwambiri kuti chifukwacho chipezeke ndi mwini mphaka, popeza dokotala wa ziweto sakhalapo pa nthawi imene mphaka akusanza.

Wanga dzina lake ndi Phulusa, chifukwa cha mtundu wa ubweya wake, ndipo ndinamutenga kuno ku Matawale ali kamwana kongosiya kumene kuyamwa. Asanakwanitse chaka anayamba kusanza mobwerezabwereza, mwina kawiri pa sabata, mwina sabata n'kudutsa ali bwinobwino, kenako n'kuyambiranso. Chimene chinkandisokoneza n'chakuti akangomaliza kusanza ankapita kukathamangitsa abuluzi pampanda, n'kubwerera kudzapempha chakudya ngati kuti palibe chachitika. Apongozi anga, amene asunga amphaka kumudzi moyo wawo wonse, anaseka nditawauza kuti ndikuganiza zokaonana ndi a vetenale. "Mphaka amadzitsuka yekha m'mimba, musamuvute," anatero.

M'mawu awowo muli choonadi ndithu. Mphaka ndi nyama yosachedwa kusanza, ndipo kusanza kamodzi patapita nthawi yaitali, iye ali wosangalala, si chinthu chothamangira nacho kuchipatala. Koma mphaka ndi katswirinso wobisa matenda. Ngakhale amasaka tinyama tina, nayenso ndi wamng'ono ndipo ali ndi adani, choncho chibadwa chake n'chakuti asaonetse kufooka mpaka zinthu zitafika poipa. N'chifukwa chake madokotala ambiri a ziweto amalangiza kuti mphaka amene akusanza koposa kamodzi kapena kawiri pamwezi, kwa miyezi yotsatizana, ayenera kufufuzidwa ngakhale akudya ndi kusewera. Kusewera kwake kumangotiuza kuti vutolo silinakule, osati kuti palibe.

Alangizi a za ziweto amene ndinawafotokozera nkhaniyi anayamba ndi kundifunsa mmene Phulusa amachitira chakudya chisanatuluke m'kamwa, ndipo funso limeneli ndi lofunika kuposa mmene limamvekera. Pali mphaka amene amangoweramitsa mutu chakudya n'kutuluka chokha, mosavutikira, patangopita mphindi zochepa atadya. Chakudyacho chimatuluka chosagayika, nthawi zambiri chili chowumbika motalika potengera kummero kumene chadutsa, ndipo amphaka ena amachidyanso pomwepo. Zikatero ndiye kuti chakudyacho sichinakhazikike m'mimba, changobwerera panjira. Ndiye pali kusanza kwenikweni, kumene kumayamba ndi nseru: mphaka amanyambita milomo, amameza malovu pafupipafupi, nthawi zina amalira kulira kwachilendo, kenako mimba imakoka mwamphamvu kangapo masanzi asanatuluke. Masanzi otere amatha kukhala chakudya chogayika pang'ono, thovu loyera, kapena madzi achikasu amene ndi ndulu. Zinthu ziwirizi zimayamba pa zifukwa zosiyana, ndipo Phulusa ankachita zonse ziwiri pa masiku osiyana.

Kuyambira pamenepo ndinasunga kope pawindo la kukhitchini, ndipo aliyense wa m'nyumba muno amene wapeza masanzi ankalemba tsiku, nthawi, chimene mphaka anadya komaliza ndi zimene zikuoneka m'masanzimo. Ana ndinawauza kuti asanakolope azijambula kaye ndi foni. Ntchito imeneyi ndi yonyansa, sindikana, koma chithunzi chimodzi chimauza dokotala zambiri kuposa mawu akuti "amangosanza basi".

Kopelo linaonetsa msanga kuti kubweza chakudya chosagayika kunkachitika madzulo, ife titangomaliza kudya. Apa vuto linali dongosolo la pakhomo, lomwe ndi la makomo ambiri. Mphaka amakhala tsiku lonse osapatsidwa kanthu, poganiza kuti njala imuthandiza kusaka, ndiye usiku amaunjikiridwa zotsala zonse m'mbale imodzi, galu ali chiimire pambali kudikira kuti alande. Mphaka wodzisakira yekha amadya tizakudya ting'onoting'ono kokwana 10 kapena kuposerapo pa tsiku, khoswe mmodzi panthawi, ndipo mimba yake ndi yaing'ono mogwirizana ndi kadyedwe kameneko. Akameza mulu wa chakudya mothamanga, osatafuna, chimabwerera. Kukonza kwake sikufuna ndalama. Chakudya chomwecho chigawidwe katatu kapena kanayi pa tsiku, chimwazidwe m'mbale yophwatalala kuti azitola pang'onopang'ono, ndipo adyere pamalo okwera kapena m'chipinda momwe galu ndi nkhuku sizifika. Zoti mphaka wokhuta sagwira makoswe si zoona. Kusaka ndi chibadwa chake, ndipo wathanzi ndiye amasaka bwino.

Nkhani ya chimene timaika m'mbalemo ndi yaitaliko. Mphaka analengedwa kuti azidya nyama, mosiyana ndi galu amene amatha kukhala ndi moyo pa zakudya zosakanikirana. M'nyama ndi m'nsomba muli taurine, chinthu chimene thupi la mphaka silitha kudzipangira chokwanira, ndipo chikasowa kwa nthawi yaitali maso ndi mtima zimawonongeka. Nsima yonyikidwa mu msuzi imamukhutitsa koma siimumanga. Choipa kwambiri ndi msuziwo, chifukwa ndiwo zathu timakazingira anyezi, nthawi zina adyo, ndi mafuta ndi mchere wambiri. Anyezi ndi adyo, zaziwisi kapena zophika, zimawononga maselo ofiira a m'magazi a mphaka, ndipo mafuta ochuluka amasokoneza m'mimba. Mkaka nawo, umene ambiri amauona ngati mphatso yabwino kwa mphaka, amphaka ambiri akasiya kuyamwa satha kugaya shuga wake, choncho umawatsegula m'mimba ndipo ena umawasanzitsa. Ana anga ankamuthirira Phulusa mkaka wotsala pa tiyi wam'mawa chifukwa chomukonda, ndipo m'kope muja masiku a mkaka ndi masiku a masanzi a thovu ankagwirizana kawirikawiri.

Mwayi umene tili nawo ife a ku Zomba ndi wa nsomba zing'onozing'ono. Matemba a ku nyanja ya Chilwa, usipa ndi bonya zochokera ku nyanja ya Malawi zimapezeka mu msika waukulu, ku Mpondabwino, ku Chinamwali ndi m'timisika ta m'makwalala, ndipo kamulu kamodzi kamakwana mphaka masiku angapo. Ine ndimazinyika kaye m'madzi kuti mchenga ndi mchere zichoke, n'kuziwiritsa popanda mafuta kapena anyezi, n'kumupatulira zake tisanakonze zathu. Kuphikako n'kofunika chifukwa nsomba zina zaziwisi zili ndi chinthu chimene chimawononga vitamini B1 m'thupi la mphaka, ndipo moto umachithetsa mphamvu. Nsomba zokhalitsa zimene zayamba fungo kapena zachita chuku si zopatsa mphaka pongofuna kuti zisatayidwe. Minga ikuluikulu ya chambo kapena mlamba ndi mafupa a nkhuku ophika zimathyoka mosongoka, ndipo zimatha kubaya kummero ndi m'matumbo. Nsomba zokhazokha tsiku ndi tsiku sizikwaniranso, choncho dzira lowiritsa, tizidutswa ta nyama kapena ta nkhuku tophika zimafunika apo ndi apo.

Amene amagula chakudya cha amphaka cha m'mapaketi ali ndi vuto lawo. Chakudyachi chimachokera kunja, n'chokwera mtengo, ndipo mtundu umene mwagula mwezi uno mwina simuupezanso mwezi wamawa, choncho mumangotenga umene ulipo. Kusintha kwadzidzidzi koteroko pakokha kumasanzitsa mphaka. Chakudya chatsopano chizisakanizidwa ndi chakale, kuwonjezera pang'onopang'ono kwa masiku 7, ndipo nthawi ya mvula paketi yotsegula izisungidwa m'chigubu chotseka bwino chifukwa chinyezi cha kuno kunsi kwa phiri sichichedwa kuchititsa chuku.

Koma kwa mphaka wamng'ono amene amatuluka panja ndi kusaka, chinthu choyamba kuchiganizira ndi njoka za m'mimba. Alangizi aja anandiuza mosapita m'mbali kuti kuno kwathu mphaka wosamwetsedwa mankhwala a njoka amangoganiziridwa kuti ali nazo. Mtundu wofala kwambiri ndi njoka zoyera zozungulira zotchedwa Toxocara cati, zimene zimatalika mpaka masentimita 10. Kamwana ka mphaka kamazitenga mu mkaka wa mayi wake, ndipo wamkulu amazitenga pomeza mazira ake m'dothi kapena podya makoswe ndi mbalame. Zikachuluka zimakwera kuchoka m'matumbo kufika m'mimba, mphaka n'kusanza, ndipo nthawi zina njoka yamoyo imaoneka m'masanzimo. Mtundu wina ndi njoka zaphanthiphanthi, zimene zina zimabwera ndi makoswe, zina ndi nthata zimene mphaka amameza podzinyambita. Chizindikiro chake ndi tizidutswa toyera tofanana ndi mpunga pansi pa mchira kapena pamalo amene amagona. Palinso tinjoka tina tokhala m'mimba mwenimwenimo timene timabwera podya mphemvu, nkhululu ndi tizilombo tina. Zonsezi zikutanthauza kuti ntchito imene tinamulembera mphaka, yogwira makoswe, ndi yomweyonso imene imamubweretsera njoka, ndipo kumumwetsa mankhwala kamodzi sikuthetsa nkhani.

Dongosolo lodziwika n'lakuti tiana ta mphaka timwetsedwe mankhwala sabata ziwiri zilizonse mpaka titakwanitsa miyezi itatu, kenako mwezi uliwonse mpaka miyezi 6, ndipo mphaka wamkulu wosaka azimwetsedwa miyezi itatu iliyonse. Mankhwala amasiyana ntchito: pyrantel amapha njoka zozungulira koma sakhudza zaphanthiphanthi, zimene zimafuna praziquantel, ndipo mapiritsi ambiri a ziweto amaphatikiza zonse ziwiri. Mphaka amene ali kale ndi njoka amafunika kubwereza pakapita sabata ziwiri kapena zitatu, chifukwa mphutsi zimene zinali paulendo m'thupi zimakhala zitapulumuka ulendo woyamba. Dzina la praziquantel si lachilendo kwa anthu a m'mbali mwa Chilwa, popeza ndi mankhwala omwewo a likodzo amene ana amalandira kusukulu, ndipo apa m'pofunika kusamala. Piritsi la munthu ndi la mamiligalamu 600, pamene mphaka amafuna pafupifupi mamiligalamu 5 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, kutanthauza mamiligalamu 15 okha kwa mphaka wa makilogalamu atatu. Palibe amene angabenthule piritsi la munthu ndi mpeni n'kupeza muyeso umenewo molondola. Mphaka ayezedwe kaye pasikelo, ndipo mankhwala akhale a ziweto, muyeso wake anene ndi a vetenale. Safunsa anadya phula.

Njoka zikaphedwa nthata n'kusiyidwa, njoka zaphanthiphanthi zimabwereranso. Koma dibi ya agalu ndi ng'ombe si yosambitsira mphaka, makamaka mankhwala aliwonse okhala ndi permethrin, amene kwa mphaka ndi poizoni woyambitsa kunjenjemera ndi khunyu. Pogula mankhwala a nthata, pabotolo pakhale polembedwa kuti ndi a amphaka. Nkhani ya njokayi imakhudzanso ana athu, chifukwa mazira a Toxocara amakhala ndi moyo m'dothi kwa miyezi yambiri, ndipo mphaka amakonda kuchita chimbudzi pa mulu wa mchenga womwewo umene ana amaseweretsa. Kusamba m'manja ndi sopo ndi kuvindikira mchenga womangira ndi mbali ya chithandizo chomwechi.

Za ubweya ndi udzu sindikhalitsapo. Lilime la mphaka lili ndi timinga toloza kummero, choncho ubweya umene wathothoka podzinyambita amaumeza, ndipo wambiri umatuluka ndi chimbudzi. Nyengo yozizira ya June ndi July ikatha, kutentha kwa September ndi October kukayamba, ubweya umathothoka wambiri ndipo chiwumbe cha ubweya chimatha kusanzidwa. Kumupesa kangapo pa sabata kumachepetsa zimenezi. Mphaka wa ubweya waufupi amene akusanza ubweya pafupipafupi amakhala kuti akudzinyambita mopitirira chifukwa cha nthata kapena kuyabwa, kapena matumbo ake sakuyendetsa zinthu bwino. Udzu amphaka ambiri athanzi amadya, ena n'kusanza, ena ayi. Mvula yoyamba ikagwa ndiye pamabweranso ngumbi, zimene Phulusa amazidya pansi pa getsi la pakhonde mpaka mimba kutupa, ndipo masanzi a m'mawa mwake safuna dokotala kuti awamasulire.

Pali kusanza kwina kumene sikufuna kope kapena kudikira. Mphaka akasanza kambirimbiri tsiku limodzi, ngakhale madzi osakhazikika, akakana chakudya kupitirira tsiku lathunthu, akafooka n'kukabisala, masanzi akakhala ndi magazi kapena akakhala akuda, nkhama zikayera, kapena mimba ikamapweteka pomugwira, ameneyo ndi wofunika dokotala tsiku lomwelo. Kamwana ka mphaka kamatha madzi m'thupi msanga kwambiri, ndipo kosabayitsa katemera kamatha kugwidwa ndi panleukopenia, matenda a kachilombo amene amasanzitsa, kutsegula m'mimba ndi kupha m'masiku ochepa. Mphaka wamphongo amene akusanza uku akukanika kukodza, akungokhala chonyonyomala n'kumalira, njira yake ya mkodzo ingakhale itatsekeka, ndipo zimenezo zimapha m'masiku awiri kapena atatu.

Amphaka aang'ono amakondanso kuseweretsa ulusi, ndipo timinga ta palilime tija timachititsa kuti akayamba kuumeza alephere kuulavula. M'nyumba zathu muli ulusi wosokera matumba a chimanga, ulusi wa makina osokera, tsitsi la meshi lotsala poluka, malaba ndi zingwe za neti yakutha. Ulusi ukakola pansi pa lilime, mbali yotsalayo imalowa m'matumbo n'kuwakwinya, ndipo imatha kuwacheka. Mukaona ulusi ukulendewera kukamwa kapena kumbuyo, musaukoke. Nthawi zambiri zimenezi zimafuna opaleshoni.

Chimene ndimaopa kwambiri m'dera lathu lino, momwe nyumba zili zothithikana, ndi mankhwala a makoswe. Tameki, amene amagulitsidwa mobisa m'timapepala, anthu amamusakaniza ndi usipa kapena nsima n'kuika kuseri kwa nyumba, ndipo mphaka wa mnansi sadziwa malire a puloti. Akadya nyamboyo, kapena khoswe amene wangoidya kumene, amayamba kutuluka dovu, kusanza, kutsegula m'mimba ndi kunjenjemera m'kanthawi kochepa. Mankhwala ena a makoswe amachedwa masiku angapo, kenako magazi amasiya kuundana. Kumukakamiza mkaka, mafuta ophikira kapena madzi a mchere sikuchotsa poizoni, ndipo zamadzizo zimatha kulowa m'mapapo. Chofunika ndi kuthamangira kwa a vetenale, mutanyamula pepala la mankhwalawo ngati lapezeka. Ine ndinayenda m'makomo oyandikana nafe kupempha kuti amene akufuna kuthira mankhwala azitiuza kaye kuti titsekere mphaka m'nyumba, ndipo ambiri anavomera mosavuta, ena mpaka anabwereka msampha wathu.

Poizoni wina amachokera m'manja mwa mwini mphaka amene akufuna kuthandiza. Panado ndi mankhwala amene timawakhulupirira pa vuto lililonse, koma chiwindi cha mphaka sichitha kuwaphwanya monga chimachitira cha munthu, ndipo piritsi limodzi la mamiligalamu 500 likhoza kumupha. Nkhama zimasanduka zakuda, nkhope imatupa, kupuma kumavuta. Brufen ndi aspirin nazonso zimayambitsa zilonda m'mimba ndi kuwononga impso. Maluwa a lily, amene amabwera kunyumba kuchokera ku ukwati n'kuikidwa m'botolo patebulo, ngakhale ufa wake wachikasu wokha ukanyambitidwa umawononga impso za mphaka.

Zikachitika kuti njoka zaphedwa, kadyedwe kakonzedwa, mkaka wachotsedwa, koma kusanza kukupitirirabe, ndiye kuti pakufunika kufufuza kozama. Amphaka ena thupi lawo limadana ndi mtundu wina wa chakudya, kawirikawiri nsomba, nyama ya ng'ombe kapena nkhuku, ndipo njira yodziwira ndi kumupatsa mtundu umodzi wokha umene sanauzolowere kwa sabata ziwiri kapena kuposerapo, popanda kulawitsidwa china chilichonse. Kwa mphaka woyendayenda m'makomo a anthu zimenezi zimafuna kumutsekera m'nyumba, apo ayi kuyesako n'kopanda pake. Ena amakhala ndi kutupa kwa matumbo kokhalitsa, ena vuto la kapamba, chiwindi kapena impso limene anabadwa nalo, ndipo izi zimadziwika poyeza chimbudzi, magazi ndi kujambula m'mimba. Pochita zonsezi ndi bwino kusintha chinthu chimodzi panthawi, chifukwa mukasintha zinayi tsiku limodzi mphaka n'kuchira, simudziwa choyenera kupitiriza.

Alangizi a za ziweto a boma amapezeka ku ofesi za ulimi, ndipo ngakhale ntchito yawo yambiri ili pa ng'ombe, mbuzi, nkhuku ndi katemera wa chiwewe, pa za njoka, nthata ndi muyeso wa mankhwala amathandiza ndithu. Katemera wa chiweweyo amafunikanso kwa mphaka, osati agalu okha. Zoyeza magazi, X-ray ndi opaleshoni zimapezeka mosavuta ku Blantyre, mtunda wa makilomita oposa 60 kuchokera kuno, kumene kuli zipatala za ziweto zoyima pazokha komanso bungwe losamalira nyama la Blantyre SPCA. Kukwera minibasi ndi mphaka kumafuna kulimba mtima, chifukwa maso amene anthu amakuponyerani amanena zambiri za zimene ena amakhulupirira pa amphaka ndi ufiti. Mphakayo anyamulidwe m'katoni yolimba yoboola mabowo a mpweya kapena m'basiketi yotseka, osati m'thumba la saka momwe amabanika ndi kutentha.

Kwa Phulusa zinthu zinayenda motere. Atamwa mankhwala a njoka, tsiku lotsatira m'chimbudzi chake munatuluka njoka zozungulira zingapo, ndipo atabwereza mankhwalawo kusanza kwa ndulu kunachepa kwambiri, ubweya unayamba kusalala ndipo sikelo inayamba kukwera. Kubweza chakudya madzulo kunatha titayamba kumugawira pang'onopang'ono pamwamba pa kabati, kutali ndi galu. Masanzi a thovu a m'mawa anasiya ana atamvetsa kuti mkaka si wake. Panali zifukwa zitatu zosiyana mwa mphaka mmodzi wooneka wathanzi, ndipo chilichonse chinadziwika pachokha, m'nthawi yake. Masiku ano amasanzabe mwa apo ndi apo, makamaka nyengo yotentha ndi nthawi ya ngumbi. Ndimamuyeza mwezi uliwonse poima naye pasikelo kenako n'kuima ndekha, n'kuchotsera. Akadzayambiranso kusanza koposa kawiri pamwezi, kapena kulemera kwake kukadzatsika iye akudya monga mwa masiku onse, tidzapita ku Blantyre kukayezetsa magazi, titatenga kope lija ndi zithunzi za m'foni.